Nkhosa Yakuda ya Apongozi

10 Juni
Kuzizira kwa ku Lilayi mpaka m'mafupa. Mwezi wakwana chiikireni mwana wanga m'manda. Sanalire n'komwe. Nkhosa zitatu za apongozi, Ba Esha, imodzi yakuda, zili ndi bere. Khola lopanda chitseko, mphepo ikungolowa. Ndauza Seif, mwamuna wanga. Akuti, "Nizakonza mailo." Mawa, mawa.

13 Juni
Yakuda yabereka mbandakucha. Awiri. Ndawapeza ali onyowa, pa dothi lozizira. Mmodzi atauma kale. Winayo akunjenjemera, m'kamwa zii, kuyamwa osatha. Apongozi analowa kuchipinda kwanga osaodira, kutsegula sutikesi, kutenga shawelo yoyera imene ndinagulira mwana wanga, n'kukulunga kankhosako. Yosafundapo munthu. "Iwe siuisebenzesa. Uyu ni wamoyo."

14 Juni
Tsiku lonse pa mbaula, kamwanako pamiyendo panga. Ndinakama make, kukamwetsa ndi supuni. Kanameza pang'ono. Ndinayamba kukayimbira, chitsiru ine. Kafa masana. Apongozi pamaso pa Seif: "Manja yake aya. Chilichonse chamene agwila."

17 Juni
Yakuda ikungozungulira khola, kulira mpaka mawu kusasa. Bere latupa, mkaka ukudontha wokha. Ndikudziwa mmene zimawawira. Ndimaikama anthu asanadzuke.

21 Juni
Chitseko chaikidwa. Ntchito ya m'mawa umodzi. Ziwiri zija zabereka bwino, ana akudumphadumpha. Bulangete lotchinga khola lachoka pa bedi langa. Ndimapatsa yakuda madeya, apongozi n'kundilanda beseni. "Ilibe mwana iyo. Ingosiliza chabe vakudya." Maso ali pa ine.

26 Juni
Lamlungu kubwera alendo a ku Chilenje. Makolo a Ramla, mtsikana wogulitsa mu shopu ya Seif. Ndafunsa Seif kuti akudzatani. Anangoyang'ana foni.

30 Juni
Yakuda aizinga m'mawa, ndiwo za alendo. Miyendo ndagwira ndine, panalibe wina. Posenda, mkaka unasakanikirana ndi magazi. Ndaphika ndine. Ndaperekera ndine, chogwada. Akulu akambirana za ukwati wa Seif ndi Ramla pabalaza, ine ndikutsuka mbale. Katundu wanga akuti apite kuchipinda cha kuseri, choyang'ana khola.

Ramla anabwera kukhitchini. Mwana wabwino, waulemu. "Ba Yasmin, nyama yawama. Muzaniphunzisa?" Ndinati inde. Anaweramira mbale, chitenje n'kumasuka pang'ono. Ndinaona. Mimba, yaikulu ndithu. Ndiye kuti nthawi imene ine ndinkasankha shawelo ija m'tauni, Seif anali