Kanthambi koyenda m'munda wa thonje

Lachitatu, mwezi wa Epulo, 1924.

Kwatentha lero, koma mtima wanga wapsa kuposa mchenga. Ine Tomasi, mwini maso kwa Maseya konse, amene ndimaona utsi wa sitima isananyamuke n'komwe ku Chiromo, wandiposa Zuze wa maso ofiira uja.

Tonse awiri tikufuna Malita, n'chifukwa chake tikupalira thonje la atate ake. Iwo anatifunsa, "Anyamata inu, chikudya masambawa n'chiyani?" Ndinayenda mzere wonse, n'kubwerako nditatukula chifuwa. "Bambo, mulibe kanthu umu. Ngakhale nsabwe ndikanaiona."

Zuze anangotola kanthambi kouma pa tsinde lomwe ndinali nditagwira ine, n'kukaika padzanja. Kanthambiko kanapinda msana n'kuyamba kuyenda! Inali mbozi yomwe poyamba inangoima chilili, khungu lake ngati khungwa. Imeneyo si mbozi ayi, ndi mfiti.

Malita anaseka mpaka kukhala pansi. "A Tomasi, maso aja mwawasiya ku Chiromo?" Atate ake anati, "Uyu ndiye angasunge munda." Chikho cha madzi chinayambira kwa Zuze, ine n'kumwa otsala.

Masana onse ndakhala ndikutsina tinthambi, mwina chikwi, kuti ndipeze mbozi yangayanga yaikulu ngati nsato. Tonse tinali tinthambi teniteni. Kena kanali ndi minga.

Chala chatupa, pensulo ikuvuta kugwira. Zuzeyo ngakhale dzina lake satha kulemba. Koma mmene Malita anamupatsira chikho chija, ndi manja awiri, atagwada...