Kaphula Kakutha

3 Julaye
M'sitima ya ku Cairo, ulendo wachitatu. Kutentha koopsa. M'chikwama muli kaphula kamene a chipatala anatsekeramo kanyama kochokera pachotupa cha pakhosi pa achimwene anga a Refaat. Ndakagoneka pambali pa botolo la madzi ozizira, kuopa kangasungunuke. Mayi wa pampando wapafupi: "Mwabisamo golide kodi?" Ndinangoseka.
Malabu awiri, mayina awiri. Zoti ndi khansa onse akuvomereza, koma yamtundu wanji, aliyense zake. Popanda dzina palibe mankhwala.

5 Julaye
Dokotala Mervat, wamfupi, wolankhula mothamanga. Anakweza kaphulako pawindo. Labu iliyonse imasengako pang'ono, ndiye katsala kopyapyala ngati chikhadabo. Kuyeza kamodzi, mwina kawiri, basi. Kudulanso kanyama kena n'koopsa, chotupa chakumbatira mtsempha waukulu.
"Sindikufuna kungolota. Kwanu alipo anadwalapo zotere? Bambo anu anamwalira ndi chiyani?"
Ndinati mtima. Ndi zomwe tinauzidwa. Ndinali ndi zaka naini.

9 Julaye
Kwathu ku Sohag. Achimwene atsikanso makilo atatu, koma pakamwa ndi pomwe paja: "Nagat, khosi langa laona Cairo katatu, mwiniwakene ngakhale kamodzi." Chakudya adya masipuni awiri.
Nyumba yonse ndi za ukwati wa mng'ono wanga Doaa. Mapoto, makatani, matawulo. Ndafunsa amayi za imfa ya abambo. Sanasiye kupinda. "Mtima, ndati. Kapena ndikawadzutse uwafunse wekha?"
Sindikukhazikika. Khonde ndasesa kawiri.

10 Julaye
Chithunzi cha abambo pabalaza. Mpango pakhosi, m'chilimwe. Ndatulutsa zina zonse za chaka chawo chomaliza, mpango, mpango, mpango. Zaka zonsezi maso anga anali kuti?

14 Julaye
Amayi aulula, tili awiri kukhitchini. Chinali chotupa cha pakhosi. Azakhali a Fathiya chimodzimodzi, agogo aamuna chimodzimodzi. "Matenda oipa aja," dzina osalitchula. Anabisa kuti ife ana aakazi tidzapeze mabanja.
"Iweyo ukanakwatiwa? Kwa apongozi a Doaa akangomva kuti zili m'magazi, abwera kudzatenga mphete yawo. Masabata asanu ndi awiri okha, mwanangu. Ukwati udutse, kenako ukanene."
Ndawakwiyira kwambiri. Ndikuwamveranso chisoni, ndipo chimenecho ndiye chikundisowetsa mtendere.

21 Julaye
Sabata yathunthu ndili duu. Dokotala waimba kawiri, sindinayankhe. Manyazi.
Doaa wayesa diresi lero, kukongola kwake mpaka ndinatuluka panja. Achimwene anafuna kumuseka monga mwa nthawi zonse, mawu osatuluka, mpweya wokhawokha. Anangokweza chala, ife n'kuseka mokakamiza. Masabata asanu ndi limodzi amenewa iwo alibe.
Mawa sitima. Pafoni sindingathe, nyumba yadzaza anthu. Amayi ndawauza kuti ndikukatenga mapepala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundikulungira buledi ndi mazira.

23 Julaye
Ndanena zonse. Abambo, azakhali, agogo. Dokotala anavula magalasi, anati tsopano akudziwa choyeza, ndipo kaphula kakwanira. Mtima unakhala pansi. Doaa andikhululukire kapena ayi, zachitika.
Kenako anakoka pepala lina. Ikapezeka kuti ndi imene akuiganizirayo, magazi athu ayezedwe, ine ndi Doaa. Ndinati ndikudziwa, ndakonzeka.
"Nanga ana muli nawo angati?"
Masiku onsewa ndakhala ndikuwerenga masabata a Doaa. Za Salma wanga ndi Yasin sizinandibwerere ngakhale kamodzi. Mayi wanji ine? Ndili pa siteshoni, sitima mpaka folo koloko, miyendo ikukana kukhala pansi. Salma dzana ndinamuluka tsitsi, khosi lonse lili pamtunda, ndipo sindikukumbukira ngati ndinaliyang'ana n'komwe.