Thonje la Masamba a Therere

Lamlungu, 19 Meyi

Kalata patebulo langa m'mawa. Yochokera kwa a Fikri, woyang'anira mbewu pasiteshoni ya kafukufuku wa zaulimi pano. Ofesi yawo khomo loyandikana ndi langa, koma kulankhula pakamwa ayi, mpaka chidindo. Akuti munda wanga uzulidwe maluwa asanamasule. Wonse. Mitengo ya thonje 640.

Chifukwa? Akuti wayandikana kwambiri ndi munda wa mbewu yeniyeni, ija imagawidwa kwa alimi a m'boma lonse lino. Njuchi zingatenge mungu kwanga n'kukasakaniza kwawo. Nanga chaka chatha njuchizo zinali patchuthi? Si iwo omwe anasaina kuti ndibzale pamenepo?

Zaka zisanu ndi zitatu ndikuvutikira, ine Sawsan. Kukwatitsa thonje lathu ndi lija la masamba ong'ambika, kusankha, kutaya, kubzalanso, mpaka tsamba latuluka longa la therere, zala zokhazokha, ulusi wake n'kukhalabe wautali ngati wa thonje lathu. Mphepo imadutsa, dzuwa limafika mpaka pansi, ntchentche zoyera zimasowa pobisala. Mbewu yosunga ndilibe. Chipinda chozizira chinafa mu Januwale, zambiri zinachita chuku. Zomwe zinapulumuka ndi zimene zili m'mundamo. Iwo akudziwa bwinobwino.

Antchito amawatcha Mazula. Dzina silinama. Kuyambira lero m'bukumu ndi Mazula basi, ulemu watha.

Lachiwiri, 21 Meyi

Kutentha. Madzi a m'ngalande achepa, mizere ya kumapeto sinamwe.

Pa tiyi ndinamuikira tsamba patsogolo pake. Ndinati, "A Fikri, taliyang'anani bwino, likuluma?" Iye kukoka tiyi pang'onopang'ono, kenako, "Tsambalo ndilibe nalo mlandu, a Dokotala. Mlandu uli ndi duwa." "A Dokotala" wakeyo amamutchula ngati akulavula nthanga ya chivwende.

Tinalowa ntchito chaka chimodzi. Ine ndinapita kukapitiriza maphunziro, iye anatsala akuyenda m'mizere ndi kandodo. Zaka 26, ntchito yake imodzi: kuona chosiyana ndi zinzake n'kuzula. Munthu wotere angakonde chatsopano? Njiru basi.

Umm Saber, kapitawo wa azimayi olima, naye ndi pakamwa pake. "Mayi, akakuzulirani musalire, masambawo tidzaphika. Therere ndi therere." Ndinaseka mano okha.

Lamlungu, 26 Meyi

Kwa a Wagih, mkulu wa siteshoni. Ola lathunthu pabenchi, kenako khofi, kenako nkhani ya bondo lawo. Munthu wosadziwa kunena inde kapena ayi. Akuti komiti idzagamula pa 11 Juni. Maluwa oyamba ndikuwayembekezera cha pa 15.

Ndinawauza kuti zomwe ndinachita chaka chatha ndidzachitanso. Duwa lililonse kulimanga ndi ulusi lisanatseguke, lidzibereketse lokha, njuchi isalowemo. Ndinati, "Chaka chatha sindinaphonye ngakhale limodzi." Mazula anali pomwepo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso ngati a nsomba ya pamsika.

Mwana wanga Nermin waimba foni kuchokera ku Tanta. Mdzukulu wayamba kuimirira, miyezi khumi kale. Sindinacheze naye bwino, mutu unali kwina.

Lachinayi, 30 Meyi

Ndinalawirira kuti ndithirire dzuwa lisanakwere. Ndani akutuluka m'munda wa mbewu, thumba paphewa? Mazula. Yekha, wopanda antchito. Kungondiona, n'kukhotera kungalande. Umm Saber akuti m'mawa uliwonse ndi choncho, sabata ziwiri tsopano.

Akundiyenda pansi ameneyu. Thumba lanji? Akukonza umboni wabodza, ndalumbira.

Ndalemba kalata ku likulu. Mapepala atatu. Ndati akulepheretsa kafukufuku chifukwa cha nsanje, wasintha mawu ake a chaka chatha popanda chifukwa, akulowa m'minda mobisa. Ndaidzeretsa kwa mnzanga wa kusukulu amene ali pampando kumeneko. Adziwe kuti wagwira poterera.

Nkhomaliro yakoma lero. Nyemba, buledi, tchizi chamchere. Ndamaliza zonse.

Lolemba, 3 Juni

Ndiyambire pati.

Ndinadutsa m'munda wa mbewu pothawa matope a mumsewu. Mzere wachisanu, mtengo umodzi. Tsamba lake si chikhatho ngati la anzake, si zala ngati la anga. Lapakati. Long'ambika mozama koma zala zake zonenepa. Wina aliyense akanangodutsa. Ine ndaliona kambirimbiri, ndi mmene amatulukira mwana woyamba ukakwatitsa mitundu iwiriyi. Mayi wa m'munda umenewo, bambo wa kwanga. Thonje lina la therere kulibe m'chigawo chonse chino.



Ndilembe, poti buku silinena. Julaye chaka chatha, Nermin anavutika pobereka, ndinathamangira ku Tanta masiku anayi. Ulusi ndinasiyira Umm Saber. Iye ndi ntchito zake zina anamanga mizere iwiri yokha. Pobwera ndinapeza munda uli chikasu chokhachokha, njuchi piringupiringu. Ndinathothola maluwawo, ndinakwirira, Umm Saber ndinamulumbiritsa. Ndinati masiku anayi n'chiyani. Mbewu yomwe anakolola m'munda wawo chaka chimenecho ndi imene abzala chaka chino.

Mlandu suola.

Ndinauzula, ndinaupinda, ndinauika m'chikwama.

Lachitatu, 5 Juni

Dzulo ndinazula mitengo yotereyi 9. Lero 14. Ndikumalowa nthawi ya pemphero la masana, m'munda mulibe munthu. Ndikaipeza yonse isanamasule, palibe chidzadziwike, mbewu ikhala yoyera. Maekala 30. Maso awiri. Msana ukuwawa, chakudya sichikulowa.

Nermin akufunsa ngati ndikudwala, akuti mawu anga asintha. Ndamuuza kuti ndi chimfine.

Ndikaona Mazula mtima ukuwirabe. Kale ndinkadziwa chifukwa chake.

Lamlungu, 9 Juni

Wandipeza. Chogwada, mtengo uli m'manja, dothi likadali kumizu.

"Mzere wa kumbuyo kwanu mwasiya iwiri, a Dokotala." Basi. Osakweza ngakhale mawu.

Anatsitsa thumba lija n'kulitsegula. Masamba apakati okhaokha, ena ouma, ena a m'mawa womwewo. Akuti wazula 311 kuyambira pa 16 Meyi. Masiku atatu asanandilembere kalata ija.

Ndinamufunsa bwanji sanakaonetse a Wagih. Anati, "Akaona, mbewu yonseyi aikana. Alimi chaka chamawa abzala chiyani? Inuyo akuchotsani ntchito. Ndimati muzule wanuwo, ine ndimalize kuno mwakachetechete." Anamanga thumba. Kenako, "Chaka chatha ndinasaina chifukwa munati mudzamanga lililonse. Ndinakukhulupirirani."

Bola akanandiwomba khofi kumaso.

Ndiye wasanduka wachifundo tsopano? Woyera mtima wa pasiteshoni? Akudziteteza yekha, dzina lili papepala lija ndi lake. Ndanena zimenezi kasanu pobwerera kunyumba. Sizikukhazikika.

Lolemba, 10 Juni

Kalata yanga yagwira ntchito.

A Wagih anandiitana akumwetulira, lero osadikiritsa pabenchi. Likulu layankha. Munda wanga usakhudzidwe. Mazula amuchotsa pa mbewu, apita kosungira makasu ndi feteleza podikira kuti amufufuze. Komiti mawa ingovomereza. "Mwapambana, a Dokotala, Mulungu akudalitseni."

Ndapambana. Changa n'kukhala chete ola limodzi mawa.

Iye anauzidwa Lachinayi lapitali. Ndiye kuti dzulo m'munda muja ankadziwa kale zomwe ndamuchita, thumba lili m'manja, osatchulako n'komwe. Atangolikhuthula thumbalo patebulo la komiti, ine ndatha, iye wapulumuka. Ndinamudikira pageti. Ndinati, "Mawa mubweretsa thumba lanu lija?" Anati, "Ndatentha m'mawa." N'kukwera njinga yake.

Munthu uyu ndimadana naye. Mulungu andikhululukire, sindinadanepo ndi munthu chonchi. Watula katundu yense pamutu panga n'kumapita akuimba belu.

Womulowa m'malo ndikumudziwa, sangasiyanitse thonje ndi mpendadzuwa. Zotsala m'munda wa mbewu azula ndani? Kwanga mphukira zayamba kutupa. Ulusi ndagula kale, mipukutu 12, ili m'kabati.

Lachinayi, 13 Juni

Azula lero.

Za komiti sindilemba zambiri. Ndinaimirira, ndinati kalata ndinailemba ndi mkwiyo, ndikuibweza, a Fikri akunena zoona, munda uzulidwe. Za ku Tanta sindinatchule, mphamvu zinathera pomwepo. A Wagih kukamwa yasa. Mnzanga wa ku likulu wandidulira foni, akuti ndamuchititsa manyazi. Mazula akhalabe pa mbewu.

Zikomo? Kuchokera kwa ameneyo? Ha! Wabwera m'mawa ndi maneti akale ndi zitsulo, wazitula pamzere woyamba. "Sankhani khumi, a Dokotala. Tiikuta ndi manetiwa njuchi zisafike. Khumi." Ngati akuwerengera mwana maswiti.

Khumi pa 640.

Ndinayenda mizere yonse kawiri, ulusi wofiira m'manja, azimayi akudikira pamthunzi. Uwu kapena uwu? Wa zala zowonda kapena wa nthambi zambiri? Maso anali odzaza, masamba onse ankangooneka ofanana. Ndinamanga khumi. Ndinagwedeza mutu kwa Umm Saber. Lero nthabwala analibe, anangolavulira m'manja n'kuyamba.

Phokoso la mizu ikamatuluka m'dothi lonyowa. Ndinaima pomwepo mpaka mzere womaliza, kuti asadzanene kuti ndinathawa.

Masana mulu unali utafika m'chifuwa. Pamwamba penipeni, mizu m'mwamba, kachikwangwani kake kakulendewera: 4 wa mzere 17. Wabwino kuposa yonse. Zala zisanu zowongoka, kunsi kosalala, ntchentche ngakhale imodzi sinateropo chaka chino. Ndinaudutsa kawiri osauona. Ndinauzindikira azimayi atayamba kuzula, khumi yanga nditasankha kale, ndinauona ukugwedezeka pozulidwa, koma ndinati sindipempha kanthu kwa munthu ameneyu.

Ndinautola. Unali utafota kale.

Mazula anandiona. Anatembenuka, n'kuyamba kumasula njinga yake. Kumbuyo kwa njingayo kunali neti ina yotsala, yokwana mtengo umodzi, yopindidwa bwino, yomangidwa ndi mphira, ndi zitsulo zake zinayi.

Ndikanangopempha. Koma naye pakamwa ali napo, mfiti ameneyu, anaima pambali panga m'mawa wonse, akanangonena, akanangonena kuti