Bwato la Ababa mu Filimu Yanu

Kachulu,
T/A Mwambo,
Zomba.
9 Juni 2025

Okondedwa achimwene Jamali,

Assalamu alaikum. Ndalemba kuti okondedwa chifukwa ndi mmene kalata imayambira, koma ndakwiya kwambiri, ndipo sindikubisirani. Foni mwasiya kuyankha. Pa WhatsApp ndikakulemberani mumangotumiza kachithunzi ka manja opemphera. Choncho kalatayi ndapatsira Tamanda, amene akubwera ku Lilongweko ndi mpunga, ndipo ndamuuza kuti asachoke pakhomo panu mpaka atakuonani mukuitsegula.

Kuno tili moyo. Mpunga wa ku Likangala takolola bwino, nyanja yadzadza, matemba akupezeka. Nkhani zabwino zathera pomwepa.

Filimu yanu taionera.

Ndiyambe ndi buku, poti zikuoneka kuti mwaiwala chimene munalemba. Mu Ngalande Yomaliza munatiuza za Malawi wa kutsogolo, mvula itasiya kugwa, Chilwa itauma, madzi otsala atatchingidwa ndi waya kuzungulira chilumba cha Chisi. M'bukumo munali Alonda a Madzi ndi mfuti zawo, munthu aliyense atavekedwa chibangili cha nambala, ndipo amene nambala yake yafufutidwa samwanso madzi. Munalinso mkulu wa bwato, wotsimphina mwendo wamanzere, amene ankazembetsa mabanja kudutsa m'bango pa ngalande imodzi yotsala, kukawafikitsa kumene kuli madzi. Munamutcha Che Alli. Simunavutike n'kusintha dzina komwe. Anthu a m'tauni anawerenga ngati nthano, koma ife kuno tinadziwa kuti ndi Ababa.

Mukudziwa kuti Ababa amawerenga Kurani yokha. Bukulo ndinawawerengera ine, madzulo aliwonse akabwera kudoko, pansi pa mtengo wa mango. Ankandidula pakati. “Apa mnyamatayu wanama, mbali imeneyo kulibe bango,” amatero akuseka. Koma titafika pamutu umene Che Alli abwerera yekha kukatenga mayi wosaona amene anatsala kumtunda, anangovula kofiya n'kupukutira nayo kumaso. Kuyambira tsiku limenelo bukulo linkakhala m'bwato, atalikulunga m'pepala la pulasitiki, ndipo aliyense wowoloka kupita ku Chisi ankalionetsedwa, kaya afune kaya asafune.

Ndiye m'chilimwe chathachi, madzi atathawira kutali, kunabwera anthu anu a makamera. Mayi Rachel uja wa ku Joni, amene ankatsogolera zonse, ndi a Wilisoni omutanthauzira. Anati akufuna bwato lenileni, osati lokhoma dzulo. Ababa anakayikira, ndipo ndine amene ndinawanyengerera. Ndinati, “Ababa, vomerani, dziko lonse lione bwato lanu.” Anavomera. Bwato lija la mawu ofiira m'mbali, SITISIYA MUNTHU, amene analemba okha ndi penti inu muli ku pulayimale. Bambo amene ankasewera ngati Che Alli ankatsatira Ababa kulikonse kuti aphunzire kutsimphina kwawo. Ababa anamuphunzitsa kukankha bwato ndi nsungwi osagwera m'matope, anamudyetsa mlamba wootcha pakhomo pathu, mpaka ankamutcha mng'ono wawo. Ankajambula tizidutswatizidutswa, lero chakumapeto, mawa chakumayambiriro, motero palibe wa kuno amene anadziwa kumene nkhaniyo ikulowera.

Inu munadziwa.

Mwezi wathawu anabwera nayo kudzationetsa muholo ya sukulu ya sekondale, Loweruka masana, mawindo atawatseka ndi mabulangete. Ababa anaitana aliyense. Anaitana a shehe, anaitana asodzi, anaitana a Meshack, mnzawo wa kutchalitchi uja amene anakulira nawo limodzi, ndipo a ku Chisi anawawolotsa okha m'mawa osalipiritsa. Anavala mkanjo woyera wa pa Idi n'kukhala kutsogolo. Pambali pawo panali mpando wanu. Munati muli ndi msonkhano.

Ndinena chilungamo, chifukwa sindikufuna mudzati Rahima sadziwa za mafilimu. Chiyambi chake n'chokongola moopsa. Ataonetsa nyanja yathu ili ming'alu yokhayokha, mabwato atagona chammbali, mbalame zikuzungulira osapeza potera, Amayi anagwira dzanja langa. Tonse tinakumbuka chaka chimene nyanja inaphwadi, ife n'kumapita ku Chisi pa njinga. Mzere wa anthu a zibangili podikira madzi anaujambula kuposa mmene ndinkauonera m'mutu powerenga. Pamenepo ndinalira, ndipo ndinanyadira kuti ndinu mlongo wanga.

Kenako zinayamba kupotoka. Kunatulukira dokotala wachitsikana wa m'tauni, wa nsapato zazitali, amene m'bukumo mulibe. Nkhani yonse inasanduka yake. M'buku anthu a kunyanja amakangana, amaseka, amapangana nzeru, amanamiza Alonda mochenjera. Mufilimu salankhula. Amangokuwa ndi kuthamanga, nkhope zitapakidwa matope, pamene dokotala ndi Alonda akulankhulana Chingerezi. Mutu uja wa amayi amene ankabisa madzi m'miphika ya maliro anauchotsa wonse. Mayi wosaona uja mulibe. Ndinadziuza kuti basi, filimu siingathe kunyamula buku lonse, ngakhale bwato limasiya katundu wina pa doko. Ndinali wokonzeka kukukhululukirani zonsezo.

Mpaka pamene Che Alli anakweza mabanja m'bwato. Munthu wotsimphina ngati Ababa, wovala kofiya ngati Ababa, wogwira nsungwi monga anamuphunzitsira Ababa. Analowa nawo m'bango, ana ali chete, ndipo potulukira panali Alonda akudikira ndi mfuti. Anawatsitsa onse. Mkulu wa Alonda anagubuduza migolo iwiri ya madzi n'kuikweza m'bwato, Che Alli n'kuilandira ndi manja awiri. Mwana wamng'ono akumuitana, iye anakankha bwato n'kumapita osacheuka. Ndipo kamera, achimwene, kamera inatsika pang'onopang'ono mpaka pa mawu ofiira aja, n'kuima pamenepo kuti aliyense awerenge.

Kumbuyo kwa holo wina anafuula, “Sitisiya munthu!” Anyamata anafa nacho chiseko. Kumapeto, anthu atamugwira Che Alli n'kumumiza m'matope, anawomba m'manja ndi kuimba malikhweru.

Ine sindinkaonanso filimu. Ndinkaona khosi la Ababa. Sanasunthe. Anakhalabe pampando mpaka mayina atayamba kukwera, ndipo mayinawo ndinawawerenga onse. Olemba nkhani ya filimu anali awiri: Rachel uja, ndi Jamali Alli.

Panja ndinawagwira malaya a Wilisoni. Ndinati, “Mwachita chiyani? Bukulo silitero!”

Iwo anati, “Mchemwali, filimu si buku. Munthu wabwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza, oonera amagona. Pamafunika wina wopereka anzake, ndipo zimapweteka bwino akakhala amene onse amamukhulupirira.”

Ndinati, “Zimapweteka bwino? Mukuwaona bambo ali apowo?”

Anati, “Pepani. Komatu achimwene anuwo anali nafe patebulo. Sanakane.”

Sindinawakhulupirire. Ndinakuikirani kumbuyo, ndinati mwina anakunamizani, mwina munasaina osawerenga. Kenako mwamuna wanga Faizal anandionetsa pa foni yake mukucheza ndi mtolankhani, mutavala jekete, mukumwetulira. Munati filimuyi ndi yolimba mtima kuposa buku lanu. Munati m'buku munalemba ngati mwana wokonda bambo ake, koma mufilimu mwanena zoona, kuti ludzu likafika palibe munthu amene sangagulidwe. Zoona! Zoona za ndani? Munaziona kuti? Inu amene munaphunzira sukulu ndi thukuta la nsungwi ija, amene Ababa anakubweretsani kumsana kuchokera ku Chisi mukudwala malungo, m'matope ofika m'chiuno, chaka chimene bwato silinkayenda. Ngati mumafuna munthu wogulidwa, bwanji simunamutche Jamali?

Tsopano mverani zimene simunaone. Pobwerera kunyumba Ababa ankayenda patsogolo akukankha njinga, osakwera. Titatsala pang'ono kufika anaima, n'kundifunsa osandiyang'ana.

“Rahima, zimenezi m'buku muja zinalimo, iwe n'kulumpha powerenga kuti undisungire mtima?”

Ndinati, “Ayi Ababa, Mulungu ndi mboni, mulibe.”

Anangogwedeza mutu. M'mawa mwake anatenga bukulo n'kupita nalo kwa a Meshack, kukapempha mwana wawo Gloria kuti awawerengerenso mitu yomaliza, liwu ndi liwu. Bambo anga sanandikhulupirire, achimwene. Mwachititsa zimenezo ndinu. Gloria atamaliza, akuti anangoti, “Ndiye kuti mnyamatayu anaganiza bwino pambuyo pake.”

Mwina mukuti anthu adzaiwala. Bwerani mudzaone mmene akuiwalira. Filimuyo ili kale m'mafoni, ndipo m'nyumba zoonetsera mavidiyo pa Kachulu akuibwereza tsiku ndi tsiku. Bukulo kuno analiwerenga ndi anthu owerengeka, koma filimu aionera ndi amene sadziwa n'komwe A. Ana amatsimphina kumbuyo kwa Ababa akuyerekeza kugubuduza mgolo. Azimayi pokwera amati, “Tikwere, Che Alli, koma musakatipereke,” n'kumaseka, Ababa nawonso n'kumaseka nawo, chiseko chimene ine ndimathawa kuchimva. Zimenezo n'zamasewera. Zoopsa ndi za akuluakulu amene saseka. Ndinamva ndekha kumsika mayi Agnesi, amene Ababa akhala akuwawolotsa kuyambira ali mtsikana, akuuza mnzawo kuti, “Walemba ndi mwana wake weniweni. Mwana sanganamizire bambo ake. Alipo kanthu akudziwa.” Pano kwabuka nkhani zoti chaka cha njala chija Ababa ankanena anthu kwa ogawa chimanga kuti achotsedwe pa mndandanda wa olandira. Bodza la mkunkhuniza, koma ndani alitsutse, poti mwana wawo yemwe wavomera pa kanema? Mayi Agnesi tsopano amadikira boti la injini, ngakhale litachedwa chotani.

A Meshack, munthu wa imvi uja, mkulu wa mpingo, anamenya mbama mnyamata wina pa doko chifukwa chokuwa mawu aja. Nkhani inakafika kwa apolisi, ndipo Ababa ndi amene anapita kukapepesa kwa makolo a mnyamatayo. Kumzikiti, munthu amene moyo wake wonse ankaima mzere woyamba, tsopano amafika mochedwa, amaima kumbuyo pafupi ndi nsapato, ndipo amatuluka anthu asanayambe kupatsana moni.

Lachiwiri lapitali ndinapita kudoko kukawapatsa tiyi. Ndinawapeza atagwada pambali pa bwato ndi chitini cha phula, akupaka pa mawu ofiira aja. Anali atamaliza kale SITISIYA. Ndinawalanda burashi. Anati, “Bweretsa, mwana wanga. Thabwa likuchucha pamenepa.” Thabwa silinkachucha. Ndinawabwezera burashi, n'kuima pomwepo mpaka anamaliza. Bwato lija tsopano ndi lakuda ngati ena onse.

Ndikudziwa zimene mudzandiyankhe. Mudzati luso lili ndi ufulu wake, mudzati Che Alli wa mufilimu si Ababa, ndi munthu wongopeka. Mukanafuna wongopeka mukanamupeka yense. Mukanamupatsa dzina lina, mwendo wabwino, bwato la wina. Koma munatenga dzina lawo, mwendo wawo, bwato lawo, chifukwa zinthu zenizeni zimaoneka bwino pa kamera, kenako n'kuchotsamo chinthu chimodzi chokha chimene chinali chawodi. Ndipo munalibe ngakhale mtima woimba foni kuti, “Rahima, usawatengere Ababa kuholoko.” Mawu amenewo okha akanakwana. Munasankha kukhala ndi msonkhano.

Chimene ndikufuna n'chimodzi. Musatumize kanthu pa foni, sitikusowa. Bwerani. Mudzaime pa doko tsiku la msika, ndiponso pabwalo la mzikiti Lachisanu anthu akatuluka, mudzanene ndi pakamwa panu, m'Chinyanja, kuti bambo anu sanaperekepo munthu, kuti bodzalo munalipeka inu ndi anzanu patebulo. Munatha kuyankhula kwa mtolankhani. Yankhulani kwa mayi Agnesi. Ngati simubwera, musadzandiitanenso ku zikondwerero zanu, ndipo mabuku amene mudzalembe adzawawerengere Ababa ndi wina.

Faizal akupereka moni. Ana anga akuti moni amalume, iwo sakudziwa kanthu. A Meshack akuti ndisalembe zimene anena. Amayi ndawafunsa kawiri ngati ali ndi mawu oti ndikupatsireni, ayankha kuti pa mpunga umene wanyamula Tamandawo thumba laling'onolo ndi lanu, ndipo atuluka panja.

Ababa andipeza ndikulemba. Afunsa ngati ikupita kwa inu, ndavomera. Akuti ndikuuzeni kuti filimu ija anthu anaijambula bwino, nyanja inaoneka. Akuti muzivala zofunda, ku Lilongwe mwezi uno kumazizira. Kenako aima pakhomo n'kuti, “Umuuzenso kuti akadzalemba lina, asadzandiikemo. Adzaikemo munthu woti anamwalira kale, amene sangamve.”

Ndalemba monga anenera.

Ine mchemwali wanu,
Rahima