Estrela mpaka pa 31

6 de Outubro, 1986. Tsangano.

Masiku 811 chipitire mwana wanga Cândido ku tropa, ku usilikali. Makalata atatu okha, yomaliza yochokera ku Chidzolomondo, chaka chatha.

Lero ndachita chinthu. A Alberto, ogula ng'ombe aja, andipatsa mchere makilo asanu ndi sopo mitanda iwiri. Si malipiro, ndi sinal chabe, chikole cha pangano. Pangano lake: angathe kugula Estrela, ng'ombe ya mwana wanga, pa contos 40, ndiye kuti meticais 40,000, tsiku lililonse mpaka pa 31, belu la meio-dia, la 12 koloko masana, lisanalire. Akapanda kubwera, mchere wanga, ng'ombenso yanga. Iwo angathe kusintha maganizo, ine ayi. Mapepala awiri, ndalemba ndine, tasaina tonse.

Miyezi inayi ndiwo zopanda mchere. Ndanyambita chala ngati mwana.

11 de Outubro

Coluna ya ku Tete, mdipiti wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali, yadutsa bwinobwino. Pamsika ng'ombe yakwera, contos 55. A Alberto kundikuwira patali, mano onse panja: "Aprofessora, muziidyetsa bwino ng'ombe yanga ija!" Yawo, eti.

Bwanji osaitenga lero? Akudikira mtengo ukwerenso, kuweta kukhale kwanga. Zaka 31 ndikuphunzitsa aritmética, wandichenjerera munthu wolekezera sukulu mu segunda classe.

17 de Outubro

Mfuti cha ku Ntengo-Wambalame. Mtengo wagwa, 28. Ndani angafune ng'ombe pamene a m'tchire, zigawenga zija, akafika amayambira kukhola? Ndinakondwa. Ndilembe zoona: ndinakondwa. Kenako ndinakumbuka kuti kumene kukulira mfutiko kuli ana a anthu ovala ngati wanga.

Estrela anabadwira kudambo, mvula ili pakati. Cândido anabwera naye atamukulunga m'jekete mwake, iye ali chinyowere. Pochoka anati, "Amayi, zikavuta gulitsani njinga, gulitsani malata, koma uyu ayi." Njinga inapita. Malata 14 anapita.

23 de Outubro

M'mawa mtengo 46, madzulo 33, wina atangonena kuti waona utsi kuphiri. Doroteia wogulitsa mbatatesi akuti ndisiye kufunsafunsa mitengo, anthu ayamba kundiyesa kazitape.

Mchere watsala makilo anayi ndi kapu imodzi. Ndinaganiza zokaubweza. Pepala silinena za kubweza. Ndinalemba ndekha, mwaukhondo, popanda pothawira.

Kwatsala masiku 8. Ambuye, mtengo utsike. Koma usatsike ndi magazi a munthu. Sindidziwa ngati pemphero lotere limamveka.

29 de Outubro

Mtengo 20. Mabanja asanu ndi anayi awolokera ku Malawi. Makola atatu kutsidya kwa dambo atsala opanda kanthu, a m'tchire anatenga ng'ombe zonse dzuwa likuswa mtengo. Pa 20 ngakhale wamisala sangalipire 40. Ndapambana. Estrela atsala.

Atsalira yani?

31 de Outubro

Masiku 836. A Alberto afika kutatsala mphindi khumi kuti belu lilire. Nthabwala palibe. Akazi awo ataima kumsewu, mtolo pamutu. Akuwoloka lero lomwe, akuti ku Ntcheu ng'ombe ikadali ndi mtengo, wa makwacha. "Werengani, aprofessora, inu simulakwitsa."

Ndinawerenga katatu. Contos 38 ndi meticais 500. Zoperewera. Pepala linali m'manja mwanga. Ndikanangoti ayi, belu n'kulira, nkhani n'kutha. Iwo maso pansi, ankadziwa.

Ndinayang'ana Estrela akubzikula, osadziwa kanthu. Kuno sabata siitha asanamudye. Kutsidya adzadya udzu.

"Zakwana," ndinatero. Chibadwire sindinanamepo pa nambala.

Anati tipitire limodzi. Ndinakana. Cândido akabwera apeze ndani? Ndangowauza atchule mudzi umene akupita, ndaulemba kuseri kwa pangano. Banga loyera lili pamphumi, mwana wanga angamuloze pakati pa ng'ombe chikwi.

Belu linalira ali kale pa mlatho. Sanacheuke. Ng'ombe sizicheuka, ndikudziwa.

1 de Novembro

837. M'mawa ndadzuka kukatsegula khola. Ndazindikira nditagwira kale mtanda wa pachipata.

Ndalama zili m'chitini, sindinaziwerengenso. Akabwera adzayambira kukholako asanalowe m'nyumba, ndikumudziwa. Adzandiitana, ndipo ine ndidzati...