Matumbo a Ussene

Lachiwiri, 10 Junho

Ku Msumba kuno. Mwera kuyambira m'mawa, palibe bwato lalowa m'madzi. A Ussene, amuna anga, ali kuchipatala ku Lichinga. Operasau inachitika dzulo. Akuti matumbo anapotana, adula pamene panafa n'kulumikiza. Ine ndatsala kuno. Mimba ya miyezi isanu ndi itatu, msewu umenewuja ndikhoza kuchirira m'chapa, minibasi zathuzi. Akuwadikirira ndi amayi anga poti amakhala komweko. Mkamwini ndi apongozi ake bedi ndi mphasa kuyandikana. Anthu amene akakumana panjira wina amapatukira m'chinangwa.

Nyumba yakula. Ndawasowa.

Lachitatu, 11 Junho

Amayi pafoni: sakudya, sakumwa, soro yokha, dripi ija, pamkono ndi kachubu m'mphuno. Enferimera, namwino wawo, ndi Luisa, kamtsikana koma kolimba pakamwa. Akuti matumbo akagwiridwa ndi manja amagona, ndipo chakudya sichingalowe asanadzuke. Ndafunsa kuti adziwa bwanji kuti adzuka. Amayi anatsokomola, anayamba za kuzizira kwa ku Lichinga, kenaka motsitsa mawu: "Akatulutsa mpweya wakumbuyo, mwanangu." Luisa amabwera kudzafunsa m'mawa ndi masana. Yankho n'lakuti ayi.

Ndafukula kaderno yanga, kope la Biolojia la desima klase, kalasi ya teni. Chithunzi ndinajambula ndekha, chifu chake chopindika ngati chikho. Pakamwa, kummero, chifu, matumbo aang'ono, matumbo aakulu. Pambali chiwindi, ndulu, kapamba. Ndinalemba m'munsi kuti matumbo onse sete metro, mamita asanu ndi awiri. Mwa munthu wowonda ngati ujayo akwanamo bwanji? Aprofesora Antonieta ankati matumbo amapatsirana chakudya monga amuna amapatsirana chingwe pokoka ukonde wa khoka, wina akasiya onse aima. Nthawi imeneyo ndinkaloweza kuti ndikhoze mayeso basi.

Lachisanu, 13 Junho

Juma, tsiku la mapemphero. Amayi a kumzikiti abwera kudzandizonda, afunsa kuti tipemphe chiyani pa duwa, pemphero lathu lija. Ndati thanzi. Chenichenicho ndikanachitchula bwanji? Koma mumtima ndapempha chomwecho, Mwini wake amadziwa mmene anatiumbira.

Raziya, mlongo wa a Ussene, wandipatsa kampango. Potumbula ndakhala nthawi yaitali, kutsata thumbo ndi chala kuchokera kukhosi mpaka kumapeto. Kanjira kamodzi kokha, kopanda kolambalalira. Mutu ndauphika mwachizolowezi, ndiye ndakumbuka kuti wodya mutu palibe. Ndalira pamwamba pa mphika ngati chitsiru.

Ndamva mawu a amuna anga pang'ono pafoni. Akuti akulota usipa wowamba. Mawu ngati a nkhalamba.

Loweruka, 14 Junho

Masiku asanu. Luisa wauza amayi kuti likafika Lolemba zili chomwechi, dotolo ajambula pamimba, mwina atsegulanso. Kutsegulanso munthu amene watha kale chonchija. Ndikuopa. Ndikuopa kuti mwana uyu adzangomva kuti bambo ake anali wamtali.

Lamulungu, 15 Junho

Chandifikira ndikusesa pakhomo. Zaka zinayi m'nyumba muno sindinawamvepo a Ussene akuphwisa. Ngakhale kamodzi. Amadzuka pamphasa, amvekere ndikaone bwato, n'kubwera posakhalitsa nkhope ili gwa. Bwato lomangidwa bwinobwino. Ine ndimangoseka chamumtima.

Ndiye munthu ameneyu afunsidwe ndi kamtsikana, apongozi ake ali chapompo pamphasa?

Ndaimba. Ndapempha amayi akandigulire kapulana, chitenje choberekera mwana, kumsika, awasiyire foni. Nditatsimikiza kuti atuluka ndawafunsa a Ussene mosazungulira ngati mpweya uja unatuluka. Ndinkamva wina akubuula bedi lina. Kenaka kunong'ona: "Kuyambira Lachinayi, Anifa. Koma ndinene bwanji amayi ali pomwepa?"

Lachinayi! Ndawakalipira mpaka mwana wandimenya mwendo m'mimba. Ndati mufa ndi ulemu wanuwo, tidzalemba pamanda kuti anali waulemu. Ndati apatseni Luisa foniyo. Akana. Ndati ndikwera chapa mawa ndikanene ndekha pakati pa wodi, ndikachirira panjira mlandu ndi wanu. Amuitana.

Luisa anayamba kuseka, kenaka anasiya. Akuti masiku atatu munthu akanakhala akumwa phala. Akuti kuyambira lero azifunsa odwala owadikirira atatuluka.

Lolemba, 16 Junho

Dotolo wamvetsera pamimba, wachotsa kachubu. Sakutsegulanso. Tiyi dzulo madzulo, lero phala lamadzimadzi, masipuni asanu. Latsika, lakhala. Ndatsegula kaderno, ndayenda nalo ndi chala, kummero, chifu, mpaka pamene ndikuganiza kuti anasoka. Pita bwino, phala iwe.

Ndawafotokozera amayi zonse, ndimati tiseke limodzi. Sanaseke. "Ndinkamva, mwanangu, kuyambira Lachinayi lomwelo. Ndinkachita ngati ndagona. Za mkamwini wanga ndikanazitulutsa ine pakamwa?" Akuti tsiku lililonse ankapemphera kuti bamboyo alimbe mtima anene yekha. Awiri onse kudziwa, awiri onse kuyang'ana kudenga, mpeni ukubwera.

Ndangowatsanzika n'kudula foni. Ndikanayamba sindikanamaliza bwino.

Akuti mwina Loweruka awatulutsa. Ndauza Raziya andisungire mutu wa kampango, ngakhale Luisa akuti ayambe ndi zofewa. Ndatsikira kunyanja kukaona bwato lawo. Lili bwinobwino, chingwe chili nganganga. Akabwera ndiwauza kuti ndaliona kale, asavutike kutuluka.