Mpini wa piki pakati pa bambo ndi mtengwa wawo

Lwendulu, Wanki

Amayi, kodi kumene mulikoko mukukhala bwanji?

Ndikudziwa kuti palibe positi yofikitsa kalatayi kwa inu, ndipo ngakhale muli moyo simunkawerenga. Ndine ndinkakuwerengerani makalata a kwathu ku Ntcheu, inu mukusenda mtedza. Koma nkhani ndimaiona bwino ndikailemba, ndipo iyi ndiyofunika ndiione bwino.

Ndiyambe ndi zopepuka. Mkazi wanga Nambewe anachira mu Juni, mwana wamkazi, tinamutcha Dorika. Chipumi chake ndi chanu. Chimanga chija munadzala kuseri kwa komponi, nyumba zathu antchito a mumgodi, chinapsa ndi dzuwa, tinapezamo dengu limodzi, koma maungu anachita bwino. Mng'ono wanga Gidiyoni anamulemba ntchito yolumikiza mabogi a sitima ku Thomson Junction, ndipo waphwanya kale chala. Ine ndikadali mabalane, kalaliki wa ku ofesi ya nyale, kulemba manambala a otsika mumgodi ndi otuluka.

Nkhani yeniyeni ndi ya bambo. Masabata asanu ndi limodzi apitawo anagwa akusesa pabwalo, ntchito ija anawapatsa atasiya kupakira malasha pansi. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa, pakamwa panapotoka pang'ono, koma nzeru zawo zili bwinobwino. Kuchipatala anawasunga masiku khumi. Kenaka mkulu wa komponi anandiitana n'kundiuza zimene ndinkadziwa kale: nyumba za kuno ndi za ogwira ntchito, ndipo munthu wosadzuka pamphasa amamukweza sitima kubwerera kwawo. Ndinapempha kuti akhale m'nyumba mwanga. Anandipatsa mwezi umodzi, ukatha dokotala awaone, ndipo akapeza kuti sakusamalika, tikiti ilembedwe.

Ulendowo mukuudziwa, amayi, masiku angapo pabenchi ndi kusinthasintha sitima. Bambo sangafike. Ndipo atafika, afikira kwa yani? Anachoka kumudzi ine ndisanamere mano, alongo awo onse anatha.

A Tembo, dresala wotsuka zilonda kuchipatala, wochokera ku Fort Jameson, anandibwereka buku la kasamalidwe ka odwala. Limanena momveka: wofa ziwalo azitembenuzidwa maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda, azimwa madzi ambiri, ziwalo zakufazo zizipindidwa ndi kuwongoledwa, ndipo aimitsidwe msanga. Ndinalemba ndondomeko papepala, ola ndi ola, n'kukhoma pachitseko. M'mawa ndi madzulo ndinkachita ndekha, kuwasambitsa ndi kuwapinda mwendo. Masana ndinasiyira Nambewe. Ndinamuwerengera pepalalo kawiri, iye anati wamva. Madzulo aliwonse ndinkafunsa bambo ngati zonse zayenda, iwo ankati zayenda.

Munkandiseka kuti pepala silimva fungo. Tsiku lachisanu ndi chinayi, ndikuwasambitsa, ndinapeza chilonda pantchafu m'mwamba, pamene fupa limagunda mphasa, kukula kwake ngati dzira la nkhuku. Munthu wotembenuzidwa maola awiri aliwonse satuluka chilonda chotero. Sindinakalipire aliyense. Ndinakumbukira zija munkati wodwala samufunsa, amamuyang'ana m'mbale. M'mawa mwake ndinalemba mzere ndi khala pachitini chawo cha madzi. Pobwera madzulo, madzi anali pamzere pomwepo. Mu Okutobala wa ku Wanki, amayi, malata akuthetheka ndi dzuwa, bambo anali kukhala tsiku lonse osamwa, kuopa kuti angafune kutaya madzi m'nyumba muli mtengwa yekha. Nambewe ankagwada pakhomo, kukankhira mbale mkati, n'kubwerera chambuyo.

Cholakwa chinali changa. Zaka zinayi za ukwati wanga, awiriwa sanadyerepo pamodzi, sanayang'anizanepo m'maso. Akakumana panjira, Nambewe amapatuka n'kugwada. Mawu onse a pakati pawo ankadzera mwa inu. Ndinkaziona tsiku ndi tsiku, koma polemba ndondomeko ija sindinaziwerengere.

Ndinakhala pansi n'kuwafotokozera bambo zoona zake: chilonda chikalowa mpaka pafupa chimapha, impso zosalandira madzi zimaleka ntchito, ndipo dokotala akaona izi alemba tikiti. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Bola sitimayo," anatero. "Mtengwa andigwire thupi ine maso ali gwa? Yonasi, sukulu inakudya mutu."

Nambewe ndinalankhula naye panja. Anati ndikamulamula achita, koma tsiku lomwelo bambo aleka kudya. Ndinadziwa kuti akunena zoona. Ndinayesa njira zina. Mnzawo wina wakale wa mumgodi anabwera masiku awiri, kenaka anamusinthira shifiti ya masana. Ndinapempha tchuthi, anandipatsa masiku atatu. Atatha, ndinali ndi masabata awiri okha, chilonda chotseguka, ndi anthu awiri olemekezana mpaka kuphana.

Njira anaipeza ndi Nambewe. Anandipempha kuti m'mawa ndiziyala nsalu yolimba pansi pa bambo, kuyambira m'mapewa mpaka m'maondo, ndi kuwasiyira kachitini kovundikira pafupi ndi dzanja lamoyo. Sananene chifukwa. Tsiku lina ndinathamangira kunyumba nthawi ya nkhomaliro, n'kuima pazenera. Nambewe anali atagwada pambali pa mphasa, mwana ali kumbuyo, nkhope atalozetsa kukhomo.

"Dorika, uwauze agogo ako kuti tikutembenukira kukhoma."

"Uwauze amako akoke pang'onopang'ono," anayankha bambo. "Si thumba la malasha ili."

Nambewe anakoka m'mphepete mwa nsaluyo, bambo n'kugudubuka bwinobwino, dzanja lake osawakhudza. Mwana wa miyezi inayi analamula agogo ake kumwa makapu awiri a madzi, ndipo anamwa, poti kachitini kotayiramo madzi kaja kanali pafupi. Nditawauza a Tembo, anaseka, anati anamwino amatembenuza odwala chimodzimodzi, ndipo zili m'buku lomwe lija, mutu umene ndinali ndisanafike.

Kuimirira kunatsatira. Ndinamanga chingwe kumtanda wa denga kuti azidzikoka ndi dzanja lamanzere. Nambewe anatenga mpini wa piki wakale wa bambo: iye kutsogolo atawafulatira, atagwira nsonga imodzi, iwo pambuyo atagwira inayo. Ndinkalemba mapazi awo m'kabuku. Tsiku loyamba atatu, n'kugwera pampando. Sabata itatha, asanu ndi atatu. Kawiri anagwa, ndipo Nambewe anachita kuitana bambo wa nyumba yoyandikana kudzawadzutsa. Pofika Lachinayi lapitali ankafika pampopi wa madzi ndi kubwerako.

Lachisanu linali tsiku la dokotala, ndipo apa ndinalakwanso. Ndinaganiza kuti mzungu akaona mpini wa piki ndi nsalu adzatiyesa osadziwa kanthu, choncho ndinazisiya kunyumba. Dorika tinamusiya kwa anansi. Bambo tinawakhazika panjinga, ine ndikukankha, Nambewe akutsatira patali monga mwa masiku onse.

Dokotala anayang'ana chilonda, anati chikuchepa koma sichinatseke. Anafunsa amene amakhala nawo masana, ndinati mkazi wanga. Anati tsono ine ndiime pambali, mkaziyo aonetse mmene amawadzutsira ndi kuwayendetsa. M'chipindamo munali benchi, thebulo ndi kabati ya mankhwala, basi. Ndinayamba kufotokoza za mwambo wathu, a Tembo akundithandiza. Dokotala anamvetsera pang'ono, anayang'ana wotchi, n'kunena kuti panja pali anthu ambiri, ndipo iye sangalembe chimene sanachione. Anakokera pepala pafupi n'kuvula chivundikiro cha cholembera.

Nambewe anali chigwadire pakhomo, maso pansi. Ndinaganiza zomulamula, koma ndinadziwa mtengo wake. Bambo anayang'ana cholembera chija nthawi yaitali, kenaka anayang'ana khoma.

"Nambewe, mwananga, bwera undigwire."

Aka kanali koyamba kuti bambo amutchule iye mwini. Nambewe ananyamuka, analowetsa phewa lake pansi pa dzanja lakufa lija, n'kuwadzutsa. Wina ankayang'ana kuzenera, wina pansi. Anayenda mpaka pakhomo ndi kubwerera pabenchi, mapazi khumi ndi anayi, bambo akupuma ngati akukwera chitunda. Dokotala analemba miyezi itatu, ikatha adzawaonenso, ndipo chilondacho chikhale chitatseka.

Titafika kunyumba bambo sanadye. Anatembenukira kukhoma tsiku lonselo, ndipo Nambewe anakakhala kuseri kwa nyumba. Ndinaopa kuti ndapulumutsa bambo kusitima n'kuwataya pamphasa. Loweruka masana anapempha phala. Atatha kudya anandiuza kuti ndigule nkhuku yaikazi, ipatsidwe kwa Nambewe pamaso pa akulu awiri a kwathu, kuti zimene zinachitika kuchipatala zisakhale ngati zakuba. Anati kumudzi woipereka akanakhala inuyo. Ndawafunsa akuluakulu atatu kuno ngati ndi mmene zimachitikira, aliyense wandiyankha zake, ndipo m'buku mulibe. Mpaka nkhukuyo iperekedwe, awiriwa abwerera kumpini wa piki, ndipo mawu akudzeranso mwa Dorika.

Sindikunamizani kuti zatha. Dzanja lija silinagwedezekebe, ndipo a Tembo akuti mwina silidzagwedezeka. Chilonda chatsala ngati chikhadabo cha chala chachikulu, ndimachiyeza ndi ulusi m'mawa uliwonse. Miyezi itatu si yambiri.

Nkhuku ndagula, yamangidwa pakhonde. Lamulungu likudzali tikachoka kutchalitchi ndidzagwada pamaso pa mkazi wanga n'kuipereka m'dzina lanu, ngakhale sindidziwa mawu oyenera. Ndipo ndikukulonjezani ichi, amayi: bambo sindidzawatumiza kukafera panjira. Tsiku lawo likadzafika, adzagona pambali panu kuno.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,

Yonasi